Ndege Yolemera Kumchira

"Bwezani mimbayo, a Hagiwara! Pumirani m'kati!"

"Ndabweza kale," anayankha Tetsuji Hagiwara, mawu akutuluka mopanikizika. "Kwatsala n'kubweza mafupa basi."

Amuna awiri anakankhiranso pansi chivindikiro chagalasi, koma chinamugunda pamutu n'kukana kutsekeka. Mawondo ake anali atakanikiza mawotchi a kutsogolo, mapewa atathina uku ndi uku, ndipo ndodo yowongolera inali itazika pamimba moti sikanasuntha ngakhale pang'ono. Mwini ndegeyo, amene anaikoka pangolo kuchokera ku Nagano m'mawa womwewo, ankangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

"Mutulutseni, chonde, asanandiswere galasi."

Panafunika anthu atatu kuti amuzule. Nsapato imodzi inatsalira m'katimo. A Oshikiri, wapampando wa kalabu, anaitola ndi zala ziwiri n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aione.

"Ndege yachisanu imeneyi kukukanani, eti? A Hagiwara, bwanji osangogula basi n'kuimangirira mapiko? Tonse tizikwera nawo."

Anthu anafa nacho chiseko. Tetsuji anaseka nawo, poti munthu wamkulu thupi akakwiya amati akuopseza anzake, koma mumtima munkawira.

Kwa zaka zisanu ndi zinayi anakhala akubwera Lamulungu lililonse pabwalo limeneli, m'dambo la mtsinje wa Tone, pomwe wintchi imakoka ndege zopanda injini ndi chingwe chachitali n'kukazisiya m'mwamba. Pa ndege zonse za kalabu, imene ankakwanamo inali imodzi yokha, ya mipando iwiri, yophunzitsira. Imeneyo ankailandira madzulo ophunzira onse atatha, mpweya wokweza ndege utazilala kale, n'kuuluka mphindi khumi basi. Anzake okhala ndi ndege zawozawo ankafika mpaka kuphiri la Akagi n'kubwerako ndi nkhani. Iye ankabwerera kunyumba ndi msana wowawa chifukwa chokankha ndege za eni.

Choncho anayamba kusunga ndalama. Ntchito yake inali yosoka mphasa zochindikala zoyala m'nyumba, zotchedwa tatami, ndipo mayeni miliyoni imodzi ndi theka amene anaunjika anatuluka pansonga ya singano. Ndege zatsopano zotakasuka zinalipo, koma mtengo wake unali wa nyumba. Zakale zimene akanakwanitsa zinkaoneka ngati anazipangira anthu amene sanayambe adyapo n'kukhuta. Komanso kukwanamo kokha sikunali kutha kwa nkhani. Ndege iliyonse imakhala ndi kachikwangwani pafupi ndi bondo la woyendetsa, kosonyeza kulemera kochepetsetsa ndi kochulukitsitsa kwa munthu woikwera. Tetsuji ankalemera makilo 102, akabereka parachuti 109. Zakalezo zambiri zinkalekera pa 100.

Akumanga zingwe za nsapato ija, anaona mapazi ang'onoang'ono ataima patsogolo pake. Anali a Iwabuchi, mphunzitsi wamkulu, munthu wa zaka 73, wamfupi ndi wouma thupi. Ndiwo anaphunzitsa pafupifupi aliyense pabwalopo, a Oshikiri omwe. Akatsokomola, anthu ankasiya zolankhula.

"Tetsu, sunatope nako kuseketsa anthu? Tiye kuno."

Anapita naye kumapeto kwa mzere wa ngolo za ndege, a Oshikiri akutsatira m'mbuyo. Ngolo ya a Iwabuchi inali itamera udzu m'matayala. Atatsegula chitseko, fungo linatuluka lonse pakamodzi: chuku, mkodzo wa makoswe, ndi chinachake chowola chimene Tetsuji anachizindikira nthawi yomweyo koma sanafune kuchitchula.

"Yakuyenera ndi iyi," anatero a Iwabuchi. "Anaipangira anthu a ku Ulaya, a mafupa ngati akowa. Ine msana wandikana, chaka chachitatu chino sindinaikwere. Miliyoni imodzi basi, ngolo ndi parachuti zomwe. Mapepala ake awasainanso mwezi wathawu."

Anatulutsa thupi la ndegeyo popanda mapiko. Tetsuji analowa mochenjera, akudikira kuti pena pamuthine, koma sipanamuthine. Miyendo inatambasuka, mapewa anapeza malo, ndipo chivindikiro chinatsekeka n'kusiya mpata wa chibakera pamwamba pa mutu. Anayang'ana pabondo: kuyambira 70 kulekeza 110. Misozi inalengeza. Munthu wa zaka 52 anatsala pang'ono kulira pamaso pa anthu chifukwa cha mpando wonunkha makoswe.

Atatuluka anayendetsa dzanja kuchokera kumphuno mpaka kumchira, monga amachitira ndi mphasa. Kumchirako utoto unali woyera kuposa kwina konse, wochindikala, ndipo pansi pake dzanja linkamva timabampu. Anayesa kuunyamula mchirawo. Unali wolemera.

"Aphunzitsi, madzi a namondwe uja wa zaka zitatu zapitazo..."

"Anangonyambita matayala. Aliyense akudziwa. Si choncho, Oshikiri?"

"Ndi choncho ndithu, Aphunzitsi," anatero a Oshikiri, maso ali pansapato zawo.

"Basi. Kiyi ndi uyu, uitsuke m'kati mwa sabata. Lamulungu tichita mwambo wopatsirana."

Tetsuji anawerama kwambiri n'kulandira kiyiyo ndi manja awiri. Chinthu chochokera m'manja mwa mphunzitsi sachinunkhiza iye akuona.

Kunyumba, mkazi wake Kazuyo anamuimitsa asanavule n'komwe nsapato.

"Iii, bambo! Vulani zimenezo panja pomwepo. Mwagona m'dzala?"

"Ndapeza ndege."

"Imanunkha chonchi? Ndiye ija munaikana mwezi watha inali yabwino."

Anamufotokozera zonse akudya: mpata wa pamutu, mtengo, kachikwangwani, ndiponso za mchira, ngakhale zimenezi anazinena mothamanga. Kazuyo anaika timitengo todyera pansi.

"Fungo limeneli mukulidziwa inu. Chaka cha namondwe chija tinatulutsa mphasa zingati m'nyumba za anthu? Ndinu amene munkatukwana aja ankangoveka nkhope yatsopano pa mphasa yomwa madzi. Munkati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lero mphuno yafa?"

"Akuti madzi anangofika m'matayala."

"Kaiyezetseni pasikelo."

"Ndikaiyezetsa ndiye kuti ndawatcha abodza. Munthu amene anandiphunzitsa kuuluka! Ena onse ankati ndine wolemera kwambiri, iwo okha ndiwo anandilandira."

"Ndiye mukufuna ndikhale wamasiye wa munthu waulemu? Pamaliro anthu azidzati, 'Koma malemuwa ankadziwa kuwerama'? Safunsa adadya phula, bambo. Mpunga wina?"

Tetsuji anakankha mbale. Fungo lija linali likadali m'mphuno.

Lachinayi m'mawa pabwalo panalibe munthu, kupatula iye ndi mayi Michiru Sonoda. Mayi Sonoda anali ndi galaja m'tauni, komanso chiphaso choyendera ndege za mtunduwu. Anavomera kubwera ndi masikelo awo atamulumbiritsa kuti sauza aliyense. Awiriwo analumikiza mapiko, thukuta lili kamukamu, n'kuikweza ndegeyo pasikelo, ina pansi pa tayala, ina pansi pa mchira. Mayi Sonoda anawerengetsera papepala, anafufuta, anawerengetseranso. Kenako anatenga sikuludalaiva, anatsegula kachitseko kakang'ono kumchira n'kuunikamo ndi tochi.

"Suzumirani nokha."

Tetsuji anagwada. M'katimo munali matope ouma a mumtsinje, atamatirira mpaka pamwamba. Pamwamba pa matopewo wina anali atapachika nsalu ndi guluu, mibulu yake yonga zibakera, osavutika n'kutsukamo kaye. Pakona panali chisa cha makoswe, mwini wake ali momwemo, atauma. Tetsuji anadzuka msanga n'kukalavula m'udzu.

"Madzi anangonyambita matayala," anatero akupukuta pakamwa.

"Inagona m'madzi masiku awiri," anatero mayi Sonoda. "Tsiku lija tonse tinkakokera ngolo kumtunda, iyi inali yokhoma ndi tcheni, Aphunzitsi atapita ndi kiyi kukasamba ku akasupe otentha. Inu munali kalikiliki ndi mphasa za anthu. Pambuyo pake anakaikonzetsa mwakachetechete m'shedi ya mnzawo."

"Manambalawo akuti chiyani?"

"Kumchira kokha kwawonjezekera makilo anayi. Akuoneka ochepa, koma ali kutali ndi mapiko. Kuti mphuno isadzuke, wokwera ayenera kulemera 98, osati 70. Ndipo poti ndege yonse yalemera ndi zomatamatazi, malire a pamwamba atsika kufika pa 101."

"Wopepuka akakwera?"

"Ikangonyamuka pachingwe, mphuno imaloza kumwamba, ndodo osamvera. Kenako imagwera phiko limodzi. Pamenepo mpata wotsegula parachuti palibe." Anatseka kachitseko kaja pang'onopang'ono. "Aphunzitsi anaikwera kamodzi itangokonzedwa. Tsikulo Mulungu anali nawo. Anatera nkhope ili mbuu, ndipo msana wawo unayamba kuwawa madzulo omwewo."

Tetsuji anakhala pansi paudzu. Anakumbukira mawu aja, akuti yakuyenera ndi iyi, ndi mmene anatsala pang'ono kulira. Manyazi anamugwira.

"Ndiye anasankha ine chifukwa..."

"Chifukwa m'kalabu muno mulibe wina wolemera mokwanira kutsitsa mphunoyo."

"Thumba la mchenga. Zaka zonsezi ndimati ndine wophunzira wawo, kani ndine thumba la mchenga, lodzigulira lokha malo!" Anaseka kuseka koipa. "Ndipo ngakhale thumbalo lapitirira ndi makilo asanu ndi atatu."

"Zimenezo mwina sakuzidziwa. Sanafune kuzidziwa. Amene anasaina mapepala ndi mnzawo wa kusukulu, anangokopera manambala akale ali pa tebulo la tiyi."

"Ndani wina akudziwa?"

"Akuluakulu onse."

"A Oshikiri?"

"Ndiwo anabwereka galimoto yoikokera kushediko."

"Nanga inu, mayi Sonoda?"

Mayiwo anayamba kukulunga waya wa sikelo. "Ndinkaganizira. Musandiyang'ane choncho, a Hagiwara. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Inenso anandiphunzitsa ndi iwowo, ndipo theka la magalimoto obwera kugalaja kwanga ndi a anthu a kalabu ino. Inu mungowauza kuti muganiza kaye. Amva okha, sadzafunsanso."

"Kenako aigulitse kwa munthu wa kutali ku Kyushu, wa makilo 65, amene angowerenga kachikwangwaniko n'kukhulupirira?"

Mayi Sonoda anang'amba pepala la manambala lija n'kumupatsa. Sanasainepo.

Masiku awiri otsatirawo Tetsuji anasoka mphasa mokhotakhota, maganizo ali kwina. Kukana mwaulemu kukanamupulumutsa iye yekha. Kunena poyera kukanamuchotsera kalabu, ndipo bwalo lina lapafupi linali ulendo wa maola atatu, komwe sankadziwako munthu. Loweruka masana anapeza njira imene anaiona ngati yanzeru kwambiri.

Pakalabupo panali mwambo. Ndege ikamasintha mwini, wogulitsa ankaiulutsa komaliza poitsanzika, wogula atamugwirira nsonga ya phiko ponyamuka. Ikatera ankathira mowa wa mpunga pamphuno pake, n'kupatsirana kiyi. A Iwabuchi anali atanena kale kuti zouluka azidumpha chifukwa cha msana. Tetsuji anaganiza kuti akawachonderera pagulu kuti auluke, mkuluyo adzamva kuti chinsinsi chadziwika. Adzatsokomola, adzati, "Ndaganizanso, ndege iyi sindigulitsa," ndipo idzabwerera m'ngolo n'kuwolera momwemo. Palibe adzatchedwe wabodza, palibe adzachite manyazi. Anauza Kazuyo monyadira.

"Anthu aamuna inu," anatero Kazuyo. "Mawu anayi okha, oti 'Ndege iyi inamira m'madzi,' akukanikani, mpaka mukazungulire phiri."

Lamulungu kunacha bwino, kamphepo kakuwomba molunjika bwalo. Mayi Sonoda anatumiza uthenga kuti agwidwa ndi chimfine. Ndege inaima pamzere itapukutidwa, ikunyezimira, ndipo anthu oposa makumi awiri anaizungulira, ambiri a iwo atsopano amene sankadziwa kanthu. A Iwabuchi anafika atanyamula botolo lokulungidwa m'nsalu.

"Msana wanga mukuudziwa," anatero. "Tingothira mowawu, mwana wathuyu atenge chake."

Tetsuji anatuluka pagulu n'kuwerama mpaka manja kufika m'mawondo.

"Aphunzitsi, pepani kwambiri. Ine sindingalandire ndege imene mwini wake sanaitsanzike. Ingandikane m'mwamba. Chonde, kuzungulira kamodzi kokha, ndione mmene imaulukira m'manja mwanu."

Atsopano aja anaomba m'manja. "Zoona! Kamodzi kokha, Aphunzitsi!" Akuluakulu sanaombe. A Oshikiri anayamba kufunafuna chinthu m'thumba lawo la malaya.

A Iwabuchi anamuyang'ana Tetsuji nthawi yaitali. Anamva, ndithu anamva. Tetsuji anadikira chitsokomolo chija ali chiweramire.

"Oshikiri, tenga botololi," anatero mkuluyo. "Wina andibweretsere parachuti."

Tetsuji anaweramuka. Anaganiza kuti sanamve bwino. Koma parachuti inabwera, ndipo a Iwabuchi anaibereka. Anatenga kapilo kawo ka mtovu ka masiku onse kowonjezera kulemera, ka makilo khumi, n'kukaika pampando. Iwo ndi zonsezi pamodzi ankangofika makilo 75. M'kanyumba ka kalabu munali mtovu wina wambiri, koma kuuitanitsa kukanakhala kuvomera pamaso pa onse, ndiye sanauitanitse. Analowa, anamanga malamba. Lamba wa paphewa anamuphonya kawiri.

"Aphunzitsi, ngati msanawo ukuvuta..." anayamba Tetsuji.

"Wapempha wekha. Pita kuphiko."

Mtsikana wina wophunzira anakola chingwe pansi pa ndege, akumwetulira kuti wapatsidwa ulemu wotere. Chivindikiro chinatsekedwa. Wa wailesi anaima pambali, wokonzeka kuuza woyendetsa wintchi, amene anali kutali kumapeto kwa bwalo. Chinatsala n'chimodzi: wogwira phiko alinyamule kuchoka pansi. Phiko likangonyamulidwa, ndiye kuti zonse zili bwino, chingwe chikoke.

Tetsuji anagwira nsonga ya phiko ili paudzu. Anayang'ana a Oshikiri. Anayang'ana akuluakulu ena anayi, mmodzimmodzi, anthu a imvi, ena a iwo agogo a ana. Onse anali ataima mwaulemu, manja m'mbali, akuyang'ana udzu. Ankadziwa chimene chichitike m'masekondi khumi, ndipo anali okonzeka kuchionerera, kenako kuvala zakuda n'kukalankhula zabwino pamaliro. Anayang'ana m'galasi la chivindikiro. Nkhalamba ija inali itayang'ana kutsogolo, milomo itauma, yokonzeka kufa m'malo monena kuti inanama. Tetsuji ananyansidwa nawo onse, ndipo ananyansidwa kwambiri ndi iye mwini, poti ndiye anakonza zonsezi pothawa mawu anayi.

"A Hagiwara, phiko!" anatero wa wailesi.

Tetsuji anasiya phikolo pansi n'kuima.

"Imani! Musakoke!"

Anayenda n'kukaima kutsogolo kwa ndege, anatsegula chivindikiro, analowetsa dzanja n'kukoka kachogwirira kachikasu komasulira chingwe. Chingwe chinagwera paudzu.

"Ndege iyi siuluka," anatero mokweza. "Inamira m'madzi masiku awiri. Kumchira kuli matope ndi guluu. Ndinaiyezetsa Lachinayi. Munthu wosafika makilo 98 akaikwera afa, wopitirira 101 ndiye waisenzetsa mopyola malire. Aphunzitsi akudziwa. A Oshikiri akudziwa. Inu nonse a imvi mukudziwa."

Mtsikana wokola chingwe uja anagwira pakamwa, akuyang'ana manja ake. A Iwabuchi anatulutsa mpweya wautali, mapewa n'kugwa, ndipo kwa kanthawi kochepa nkhope yawo inali ya munthu amene wavuulidwa m'madzi. Tetsuji anaiona nkhope imeneyo. Kenako inauma.

"Chotsa dzanja lako pa ndege yanga."

Anamasula malamba okha, anakana dzanja la aliyense potuluka, anavula parachuti n'kuiika bwinobwino paphiko.

"Zaka makumi asanu ndili pabwalo lino," anatero motsitsa, "sindinachititsidwepo manyazi ndi munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha. Ena onse ankati ndikukane, Hagiwara. Ndikanawamvera."

Anatembenuka n'kumapita kugalimoto yawo. Akuluakulu awiri anawathamangira, wina atawanyamulira chipewa.

A Oshikiri anayandikira, botolo lija likadali m'manja. "Mwaonatu zimene mwachita? Munthu wamkulu ngati uja! Mukanangoti muganiza kaye, bwenzi zonsezi kulibe."

"Mukanandilola kunyamula phiko lija?"

"Aaa, sakanafika nazo patali. Akanaimitsa okha."

"Chingwe chinali chokola, a Oshikiri."

"Mulimonsemo, pali kanenedwe kake ka zinthu. Komiti ikumana. Pakadali pano mwina ndi bwino mupume kaye Malamulungu angapo, mitima izizire."

Tetsuji anadziwa tanthauzo la Malamulungu angapo. Sanatsutse. Anapempha cholembera chosafufutika kwa wa wailesi, anagwada pambali pa ndege, anakhwatcha manambala a pa kachikwangwani kaja n'kulembapo 98 ndi 101, zilembo zikuluzikulu. Anapita kumchira n'kulemba pa utoto woyera uja kuti, "Inamira. Yezani musanakwere." A Oshikiri anatsegula pakamwa, koma poona atsopano aja akuwerenga, anatsekanso. Pepala la mayi Sonoda analipatsa mtsikana uja, pamodzi ndi kiyi wa ngolo.

"Mukawabwezere Aphunzitsi kiyiyu. Pepalalo musunge inu."

M'kanyumba ka kalabu, mayina a mamembala ankalembedwa pa timatabwa topachikidwa pamisomali. Anachotsa kake n'kukaika m'thumba. Panja palibe anamuyang'ana, palibenso anamutsanzika. Anthu anayi anali atayamba kale kuikankhira pambali ndege ija kuti ichoke pamzere.

Anakwera chitunda chotchinga madzi pang'onopang'ono, akupuma mwawefuwefu. Asanafike n'komwe pagalimoto, anamva wintchi ikulira kumapeto kwa bwalo. Anacheuka. Ndege ya mipando iwiri, yokhayo imene ankakwanamo, inali ikukwera pachingwe, wina atakhala pamalo pake. Anaiyang'ana mpaka itamasuka, kenako anatsegula galimoto n'kuimbira Kazuyo kuti abwera msanga.